Mwendo wa mu siling'i uja unali wanga, koma mverani kaye

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka kwa apongozi anga ku Lunzu, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti a Siling'i ngakhale pakhomo la tchalitchi, bola ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wina. Eya, mwendo unali wanga. Ayi, sindimathawa ngongole. Ndipo zoti ndinali mbulanda ndi bodza la alamu anga, kabudula ndinavala, kungoti anali wamkati.

Nyumba mukuidziwa, ya malemu bambo ija ku Chilomoni, kumtunda kwa Nthukwa ukamayang'ana phiri la Michiru. Zipinda zitatu, pabalaza potakasuka, mpanda wa njerwa, magetsi a mayunitsi, mpopi pakhomo, mtengo wa mapeyala kuseri. Nyumba yoti m'mutu mwanga ndinkati ndikangolengeza Lolemba, pofika Lachisanu ndikhala ndikunyowetsa chala kuwerenga ndalama. Abale, mapeyala aja anabereka, tinadya, anachitanso maluwa, anaberekanso, nyumba ili phee pomwepo.

Mtengo ndinaika 45 miliyoni ndipo musandiyang'ane choncho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense anakweza chake, wa simenti, wa malata, wa kabaza, ngakhale mayi wa mandasi, ndiye ine ndekha ndikhale Msamariya? Msuweni wanga yemwe ntchito yake ndi yoyerekeza mitengo ya nyumba anabwera, anazungulira, anagogoda makoma, anasuzumira kuchimbudzi, kenako anatchula nambala yomwe sindiilemba pano chifukwa ndi chipongwe kwa malemu. Akuti wogula salipira zoti munabadwira momwemo, amafunsa kuti nyumba zina za dera lomwelo zapita pa zingati, galimoto imafika bwanji, mapepala ali m'dzina la ndani. Ndinamuuza kuti sukulu yamuwononga.

Kenako madobadoba. Ine ndinauza mmodzi yekha, Mulungu ndi mboni, koma sabata isanathe nyumba inali pa Facebook kwa anthu oti sindinawaonepo chibadwire, uyu akuti 50, uyu 55, wina mpaka anaisamutsa n'kulemba kuti ili ku Namiwawa. Chithunzi chimodzi chomwecho, chojambulidwa kukuda, kutsogolo kuli chingwe cha matewera ndi chidebe cha makala, pakona chala cha wojambula. Munthu wa ndalama zake akaona nyumba imodzi ili ndi mitengo inayi amadziwiratu kuti pali utambwali, amangopitirira. Amene ankabwera ankalipira kaye yoonera, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti kwa dobadoba nyumba yosagulidwa ndiye munda, amakolola yoonera sabata ndi sabata.

Onjezerani kamsewu kathu kaja, ukangosiya tala pali miyala ndi ngalande zoti Sienta imakhula mimba, wogula amafika pageti atakwiya kale. Onjezeraninso kuti chichitikireni Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, munthu wa mu Blantyre akaona nyumba yayandikira phiri funso loyamba ndi loti madzi amadutsira pati. Ine ndimayankha kuti bwana ili ndi Michiru si Soche, iwo maso ali pa mng'alu wa pampanda. Mpanda womwewo ndi umene amalume, bambo atangomwalira, analembapo ndi penti yofiira kuti nyumba ino siyogulitsa chenjerani ndi akuba. Ndinapakapo laimu, koma mvula ikangowaza zilembo zimadzuka, ndiye taganizani ndaima ndi wogula tonse tikuwerenga chamumtima, kenako iye akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Zonsezi ndikunena kuti mudziwe kuti tsikulo ndinakwera mu siling'i ndili munthu wotopa, osati wopenga.

Dobadoba wanga anaimba m'mawa. "Bigi, lero ndiye lero, ndi banja, ali ndi loni ya ku banki, tifika 2 koloko. Koma inu musaoneke, mumaononga msika ndi nkhani za malemu." Chabwino. Koma mvula ya chizimalupsa inali itasiya chibanga chachikulu pa siling'i ya pabalaza, ndipo mayi a kunyumba anali atandiimbira nyimbo kwa nthawi yaitali kuti munthu sagula nyumba yoti akakweza maso akuona mapu a Malawi ndi nyanja yomwe. Ndiye ndinati ndipite msanga, ndikamate mabowo a misomali ndi phula, ndisese zitosi za mileme zija zimanunkha kukatentha, nditsike, ndizipita ku Limbe. Buluku ndi shati zinali zosita, ndinavula n'kupachika kuseri kwa chitseko cha bafa, zimene munthu aliyense waukhondo akanachita. Ndinaika mpando pamwamba pa diramu mu kolido, n'kulowa pa kabowo kaja, foni m'manja ngati tochi.

Anafika 12 koloko. Munthu amene moyo wake wonse sanasungepo nthawi, tsikulo anafulumira ndi maola awiri. Ndipo chinthu choyamba chimene ndinamva ndi mayi a lendi akuuza mwana kuti tenga mpando uli mu kolidowo alendo akhalire.

Amene simunalowepo mu siling'i masana a Okutobala musandiweruze. Malata ali pamsana penipeni, thukuta likulowa m'maso, mpweya wake ndi fumbi ndi mileme, ndipo sungaponde paliponse, umayenera kugona pa thabwa limodzi osagwedezeka. Ndinaganiza zoitana, koma ndiitane bwanji, nditsike ndi kabudula wamkati pamaso pa mkazi wa mwini, ndili mbuu? Ndinati adutsa msanga awa, ndipirire.

"Mabwana, iyi ndi 58 mita," anatero dobadoba, mawu ake ali myaa. "Eni ake ali ku Joni, akufuna ndalama mwachangu."

58! Ine ndili ku Joni! Munthu ndili pamwamba pa mutu wake, ndikuona dazi lake pa kamng'alu ka siling'i, iye akudya 13 miliyoni yanga ndisanaigwire n'komwe.

Kenako mayi a ogula aja anafunsa mayi a lendi kuti nanga inu mayi mwakhalamo, nyumbayi ili bwanji. Apa ndiye ndinadziwa chifukwa chake anthu ankabwera akumwetulira n'kubwerera osatsanzika. Alendi angawa analowa nthawi ya bambo, lendi yake ndi yachifundo, ndipo sanakanepo kuti anthu aone nyumba, ulemu wawo ndi wogwada.

"Iii amayi, ife tinganene chiyani, ndife alendi chabe. Madzi amatuluka ndithu, kungoti mudzuke 2 koloko usiku. Chimbudzi chilibe vuto, chimangobwerera nthawi ya dzinja. Bala ya kuseriyi simasokosa masiku onse, Lolemba amapuma. Koma zinazi ayi, tisanene, angatithamangitse."

"Nenani mayi, tonse ndife azimayi."

"Mu siling'imu mumayenda zinthu."

Ndikulumbira, mpaka nthawi imeneyo ndinali ndisanagwedezeke. Koma mwendo unali utachita dzanzi, ndinangoti ndiusunthe pang'ono, bondo linagunda beseni lomwe ndinatchera podontha. Gudu. Pabalaza panangoti zii.

"Mwina ndi makoswe," anatero bambo aja, munthu wofatsa, mawu a mkulu wa mpingo.

"Makoswe amatsokomola, bambo?"

Ndipo ine, amene ndinali nditalimbana ndi fumbi lija ndi mphamvu zanga zonse, nditatsina mphuno, nditaluma mlomo, ndikupemphera kuti Ambuye chikho ichi chindipitirire, ndinatsokomola. Osati kakhosomole ka ulemu. Chija chochokera pansi pa mimba.

Bambo aja analimbabe mtima, anasintha nkhani n'kufunsa za mapepala. Dobadoba akuti zonse zili bho bwana. Iwo akuti bho yake iti, banki situlutsa ndalama popanda title deed ya m'dzina la wogulitsayo, tikafufuza kaye ku Lands ngati malowa ali pa lizi ndipo zaka 99 zija zatsala zingati, ngati sanapinyolitsidwe kwina, komanso ngati msonkho wa ku khonsolo ulibe ngongole, ndipatseni nambala ya eni ake ndilankhule nawo. Dobadoba akuti netiweki ya ku Joni imavuta. Mayi a lendi, mokoma mtima, akuti nambala ndili nayo ine, ndi ya konkuno, lembani.

Foni yanga ikamaitana imaimba nyimbo ya kwaya, ija yoyamba ndi azimayi okhaokha mawu okweza. Ndiye taganizani nyumba ili zii, anthu angomva kumene kuti kumwamba kumayenda zinthu zotsokomola, kenako kuchokera kumwamba komweko kwaya yayamba. Ndinati ndiigwire ndiizimitse, manja ali thukuta lokhalokha, inaterereka, ndinaitsatira, phazi linaphonya thabwa.

Phwaa.

Mwendo wonse wakumanja mpaka m'ntchafu unatulukira pabalaza, pakatikati pa mapu aja, cha ku Nkhotakota. Woyera ndi fumbi, ulusi wa akangaude ukulendewera ku zala, uli lende ngati mwendo wa mbuzi pa butchala. Patapata inavuka pang'onopang'ono, inayamba yaima kaye pa chala chachikulu kuganizira, kenako inagwera pa tebulo pafupi ndi Fanta wa alendo. Kwaya ikuimbabe.

Mayi a ogula aja anakuwa kuti moto, moto, m'dzina la Yesu moto, akubwerera chammbuyo mpaka anagunda kabati. Mwana analira. Dobadoba sindinamve n'komwe mapazi ake, ndinangomva geti. Ndipo mayi a lendi, amene anandiona ndi maso awo ndikukwera, amene anandigwirira diramu, anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Mwaonatu amayi. Lero zafulumira, zimabwera usiku."

Apa ndiye pamene ndimafuna mundimvetse, chifukwa aliyense akumati ukanangoukoka mwendowo. Ndinayesa. Bodi ija inathyoka mano ake ataloza kumwamba, ukakoka ikuluma. Ndiye ndinakhala choncho, theka la ine lili kumwamba ndi mileme, theka lili pabalaza ndi alendo, ndikuganiza kuti kodi mwendo ungaoneke waulemu utawongoka kapena utapindika. Ndinauwongola, mayi aja anakuwanso. Ndinaupinda, anakuwa kwambiri. Ndinayesa kubisa chidendene chong'aluka pochitembenuzira ku khoma. Kenako ndinaona kuti pakhomo pa bambo anga sindingasiye alendo osalonjeredwa.

"Takulandirani bwana," ndinatero pa kamng'alu.

Panapita kanthawi. Kenako bambo aja, Mulungu awadalitse, anaimirira, anakonza jekete, n'kuyang'ana mwendo.

"Zikomo. Muli bwanji kumeneko?"

"Tili bwino, kaya inu bwana. Ndine mwini nyumba. Mtengo si 58, ndi 45."

"Mwabwera liti kuchokera ku Joni?"

Kalipentala wa pafupi anachita kuitanidwa kudzadula bodi, ndipo mukudziwa Chilomoni, pofika iye ndi sowo yake anthu anali atadzaza mpaka pawindo, a kabaza atasiya makasitomala pamsewu, wina akugulitsa mafirizesi pageti. Nthawi yonseyo bambo aja anakhala pa mpando uja, mpando wanga wotsikira, akulangiza bondo langa. Akuti achimwene, nyumbayi si yoipa, koma ikadali m'dzina la malemu, pitani ku khoti mukatenge kalata yoyendetsera chuma cha masiye, abale anu onse asaine kuti avomera, dzina lisinthidwe ku Lands, mulipire za ku khonsolo ndi bilu ya madzi, chifukwa palibe amene angataye mamiliyoni kuti mawa atulukire mlongo wanu ndi samani. Alendi apatseni notisi mwaulemu nyumba ionetsedwe yopanda munthu. Mutchetche, mupake penti yeniyeni osati laimu, mujambule m'mawa dzuwa likuwala, ejenti akhale mmodzi wa ofesi yodziwika ndipo mulemberane za komishoni yake. Ndipo mtengowo, anatero akugogoda pa tebulo, muufunse kwa odziwa. Ine ndili eya bwana, zoona bwana, kalipentala akucheka pafupi ndi malo oti munthu sungalole sowo.

Mfundo zawo zinali zabwino, sindikana, kungoti zambiri ndinali nditaziganiza kale ndekha, nthawi ndi imene inkasowa. Ndipo pa anthu onse a tsikulo amene ananena zoona za mtengo ndi ine ndekha, zimenezo palibe akuzitchula.

Nditatsika anandipatsa chitenje. Bambo aja anandigwira chanza n'kunena kuti mukakonza zonse mudzandiimbire, koma mayi anali kale m'galimoto magalasi atakweza, akuyang'ana kutsogolo, milomo ikuyendabe.

Panopa mtengo ndatsitsa pang'ono, osati chifukwa cha msuweni uja, ndangoona mmene zinthu zilili. Achemwali a ku Mzuzu sanasainebe, akuti aganize kaye. Dobadoba anandibuloka koma nyumba akuilengezabe, pano akuti 60. Alendi atumiza uthenga kuti lendi itsike poti pabalaza pali chibowo ndipo mileme ikumalowa nthawi ya nkhani. Amene akudziwa kogula siling'i bodi motchipa andiuze, imodzi yokha, kapena ziwiri, kalipentala uja anadula mopyola.