Chimene chimadya masiku a mwana wa sukulu ku Philippines

Mukaona malamulo okha, mwana wa sukulu wa ku Philippines ali ndi zambiri zimene makolo a kuno ku Nkhotakota timangozilakalaka. M'sukulu za boma salipira fizi kuyambira kalasi ya mkaka mpaka kumaliza sekondale. Mu 2017 pulezidenti Rodrigo Duterte anasainira lamulo lochotsanso fizi m'mayunivesite ndi m'makoleji a boma. Wophunzira akakwera basi kapena jeepney, galimoto zimene zimagwira ntchito ya minibasi kumeneko, amamudulira 20 peresenti ya mtengo akangoonetsa chiphaso cha sukulu. Komabe mu 2022 World Bank inawerengera kuti ana 9 mwa 10 aliwonse a zaka khumi m'dzikolo satha kuwerenga kankhani kakafupi n'kukamvetsa, ndipo pa mayeso a PISA a 2018, oyerekeza ana a zaka 15 a m'mayiko osiyanasiyana, dzikoli linali lomaliza pa kuwerenga mwa mayiko 79. Ine ndikuona kuti gwero lalikulu la vutoli ndi masiku. Ana amalembetsa sukulu ndithu, koma masiku amene amakhaladi pansi mphunzitsi ali kutsogolo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene alembedwa pa kalendala.

Mwana wa kumeneko amayamba kalasi ya mkaka ali ndi zaka zisanu, kenako amaphunzira zaka 6 za pulayimale, 4 za sekondale ya m'munsi ndi 2 za sekondale ya kumtunda. Zaka ziwiri zomalizazi zinabwera ndi lamulo la 2013, ndipo ana oyamba anazilowa mu 2016. Kuwonjezera makalasi kunafuna zipinda, koma zipindazo mpaka lero sizinakwane: unduna wa zamaphunziro wa dzikolo, DepEd, unanena mu 2025 kuti zikusowa zoposa 160,000. Ndiye m'madera othinana ozungulira Manila, likulu la dzikolo, sukulu zambiri zimagawa ana pawiri. Gulu loyamba limalowa cha m'ma 6 koloko m'mawa n'kuweruka masana, lachiwiri limalowa masana n'kuweruka dzuwa likulowa. Aliyense amapeza pokhala, inde, koma maola amafupika, mphunzitsi amathamangitsa silabasi, ndipo mwana amene watsalira pa kuwerenga sapeza mpata woti aphunzitsi akhale naye pansi chifukwa gulu lina laima kale pakhomo kudikira chipindacho.

Kenako pamabwera namondwe. Dzikoli ndi la zilumba zoposa 7,600 ndipo lili m'njira ya anamondwe ochokera m'nyanja ya Pacific; chaka chilichonse pafupifupi 20 amalowa m'dera lake, ambiri pakati pa Julaye ndi Okutobala. Nthambi yawo yoona zanyengo, PAGASA, imachenjeza ndi zizindikiro zoyambira 1 mpaka 5 malinga ndi ukali wa mphepo. Mu 2022 undunawo unalamula kuti chizindikiro choyamba chikangoperekedwa, sukulu zonse za m'deralo zitseke. Cholinga chinali chabwino, koma chizindikiro chimaperekedwa kwa chigawo chachikulu, moti ana ankakhala pakhomo ngakhale m'malo amene mphepo sinafikeko. Kumapeto kwa 2024 anakonza lamuloli: pa chizindikiro choyamba amatsala pakhomo ndi ana a mkaka okha, pachiwiri amatsala onse kupatula a sekondale ya kumtunda, pachitatu sukulu yonse imatseka. Meya wa dera ali ndi mphamvu yotsekabe sukulu akaona kuti madzi asefukira.

Tsiku la mphepoyo silivuta kwambiri ngati masabata otsatira. Sukulu ndiyo nyumba yolimba yokhayo m'midzi yambiri, choncho mabanja amene nyumba zawo zasasuka amathawira m'makalasi. Madesiki amaunjikidwa pambali, zimbudzi zomangidwira ana masana okha zimadzaza m'masiku ochepa, mabuku amene anali pansi amanyowa, ndipo anthu sangatuluke asanapeze kopita. Namondwe Haiyan, amene anaomba mzinda wa Tacloban mu Novembala 2013 n'kupha anthu oposa 6,000, anasiya sukulu zambiri zopanda denga. Undunawo unadzaika malire akuti anthu asakhale m'sukulu kupitirira masiku 15, ndipo mu Disembala 2024 boma linakhazikitsa lamulo lakuti mzinda ndi dera lililonse likhale ndi nyumba yakeyake yothawirako.

Anzanga amene munaona mtsinje wa Dwangwa utasefukira kumapeto kwa Febuluwale 2024 mukudziwa kuti nafenso ambiri anathawira m'sukulu. Palibe munthu wamtima amene angatsekere chitseko banja lothawa madzi, ndipo sindikunena zimenezo. Ndikunena kuti komiti ya sukulu, mafumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi azigwirizana mvula isanayambe. Asankhiretu zipinda zimene zidzaperekedwe ndi zimene zidzatsale za ana, makamaka a sitandade 8 ndi a m'makalasi oyambirira. Mabuku ndi kaundula aziikidwa m'matumba a pulasitiki pamalo okwera kuyambira Disembala. Akumbiretu zimbudzi zapadera za obwera, ndipo atchuliretu malo ena, kaya tchalitchi, mzikiti kapena mahema, kumene anthu adzasamukire sabata ziwiri zikatha. Zikasiyidwa kuti zidzakambidwe madzi atafika, palibe amene amalimba mtima kutchula tsiku lotuluka.

Kutentha nakonso kunadya masiku, ndipo apa vuto linachokera pa kalendala. Kalekale chaka cha sukulu kumeneko chinkayamba mu Juni n'kutha mu Malichi, moti miyezi yotentha kwambiri ya Epulo ndi Meyi ana ankakhala pa holide. COVID-19 inasuntha kalendalayo, sukulu n'kumatsegulira cha mu Ogasiti, ndipo ana anapezeka m'kalasi nthawi yoipitsitsa. Mu Epulo 2024 sukulu zikwizikwi zinaimitsa maphunziro chifukwa cha kutentha. Komiti ya nyumba ya malamulo younika maphunziro, EDCOM 2, inanena kuti m'chaka cha 2023-2024 masiku ophunzitsa otayika anafika pa 53 mwa 180, ndipo 32 mwa amenewo anapita ndi kutentha. Mu 2025 anabwerera kotsegulira mu Juni. Ife kuno kunyanja teremu yoyamba imadutsa m'kati mwa Okutobala ndi Novembala, m'zipinda za malata zopanda siling'i. Sitingasinthe kalendala ya dziko tokha, koma mphunzitsi wamkulu angathe kuika kuwerenga ndi masamu m'maola oyambirira, kuonetsetsa kuti ndowa ya madzi akumwa ili pakhomo la kalasi iliyonse, ndi kusunga mitengo ya mthunzi imene ilipo.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangowapatsa ntchito yochitira kunyumba. Anzathuwa anayesa zimenezi kwa nthawi yaitali kuposa mayiko ambiri. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 ndipo ana onse a m'sukulu za boma anabwereradi m'kalasi masiku onse mu Novembala 2022. Chifukwa mabanja ambiri analibe intaneti yodalirika, njira imene inagwiritsidwa ntchito kwambiri inali timabuku tosindikiza. Kholo linkapita kusukulu kukatenga, mwana n'kuyankha, kholo n'kubweza. Chimene chinalakwika n'chosavuta kumvetsa. Kabuku kotere kamathandiza mwana amene amadziwa kale kuwerenga. Wa zaka 6 kapena 7 amafuna munthu womutchulira mawu ndi kumva pamene akulakwitsa. Pakhomo popanda munthu wotero, mkulu wake kapena mayi ankangolemba mayankho kuti tsiku lobweza lisadutse, ndipo timabuku tambiri tinali ndi mayankho kumapeto. Mphunzitsi ankachonga ntchito yooneka bwino, mwana n'kupita kalasi ina asanadziwe zilembo. Mpaka pano sukulu ikatsekedwa ndi namondwe kapena kutentha, tsikulo limatha kuwerengedwa ngati laphunziridwa chifukwa ana apatsidwa timabuku.

Za kunyumba zimalowanso m'kalasi. Mu 2023 anthu a ku Philippines oposa 2 miliyoni ankagwira ntchito kunja, ambiri mwa iwo akazi, m'mayiko ngati Saudi Arabia, United Arab Emirates, Hong Kong ndi Singapore, ena m'sitima za panyanja. Ndalama zimene anthu a dzikolo okhala kunja anatumiza chaka chimenecho zinaposa madola 37 biliyoni. Mwana wa kholo lotere amakhala ndi yunifolomu, nsapato ndi foni, koma amaleredwa ndi agogo kapena azakhali, ndipo pa msonkhano wa makolo kapena tsiku limene wayamba kujomba palibe wofulumira kuona. Amene muli ndi abale ku Joni nkhaniyi mukuidziwa bwino.

Kwa mabanja osaukitsitsa kuli ndondomeko ya 4Ps, yofananako ndi Mtukula Pakhomo wathu, koma yawo ili ndi zoyenera kutsatira. Lamulo la 2019 limati mwana wa pulayimale azilandira mapeso (ndalama ya kumeneko) osachepera 300 pa mwezi, wa sekondale ya m'munsi 500, wa kumtunda 700, kwa miyezi khumi pa chaka, kuphatikizapo mapeso 750 pa mwezi a zaumoyo pa banja. Kuti ndalamayi ipitirire, mwana ayenera kupezeka m'kalasi masiku osachepera 85 mwa 100 aliwonse, ndipo makolo azipita ku sikelo ndi ku misonkhano ya mwezi ndi mwezi. Ndondomekoyi imasungadi ana pa sukulu, ndipo ndimailemekeza. Chofooka chake n'chakuti imawerenga kupezeka kwa mwana, osati zimene waphunzira. Mphunzitsi amene akudziwa kuti akalemba kuti mwana wajomba ndiye kuti mpunga wa banja lonse uchepa, amakhala pa mayesero aakulu.

Mu Okutobala 2024 boma la Philippines linasainira lamulo la ARAL, lolamula kuti ana otsalira pa kuwerenga, masamu ndi sayansi azipatsidwa maphunziro apadera aulere. Kuti zitheke pamafunika kuyesa mwana aliyense payekha kumayambiriro kwa chaka, kuwaika m'timagulu ting'onoting'ono malinga ndi pamene afika osati kalasi imene ali, ndi kupeza wophunzitsa, chipinda ndi ola. Pa sukulu yogawa ana pawiri chipinda sichikhala chopanda anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, choncho ola limenelo liyenera kufunidwa Loweruka kapena pa holide.