Pepala limodzi la kusukulu linatsala pang'ono kumuphonyetsa koleji goloboyi wanga

Mwana wanga wawoloka malire sabata yatha, chikwama chake chachikulu cha zovala za pagolo chitadzaza mpando wonse wa kumbuyo, ndipo pano ndi pamene mtima wakhala pansi. Ndi goloboyi wa hockey ya pa ayezi, anabadwira konkuno ku Ontario m'dziko la Canada, ndipo koleji ina ya ku America yamutenga. Makolo anzanga amene ana anu akutsata njira imeneyi, ndimvereni: pitani kusukulu iliyonse imene mwana anaphunzirako mukapemphe kuti atumize transcript, pepala la zotsatira za maphunziro ake, ku NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji a ku America, mwezi wa June usanathe. Iliyonse, osasiyako.

Za kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, ofesi imene imaona ngati mwana ali woyenera kusewera, sindichedwapo, mumadzaza mafomu pa intaneti n'kulipira, basi. Ku Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji, amafuna maphunziro 16 amene amawatcha core courses ndi GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3. Mayeso olowera kukoleji a SAT anasiya kuwakakamiza mu 2023. Chimene chimasokoneza ndi moyo wa anawa. Wanga anachoka pakhomo ali ndi zaka 16 kukasewera mu ligi ya achinyamata ya Junior A kutauni ina, akusungidwa ndi banja lakumeneko. Pagolo pamaima munthu mmodzi yekha. Ukakhala wachiwiri umangokhala pabenchi utavala kapu, n'kumatsegulira anzako chitseko akamasinthana. Ndiye atapeza timu imene ikanamupatsa magemu, anasamukanso pakati pa chaka. Sukulu zinakwana zitatu.

Ziwiri zinatumiza msanga. Yachitatuyo, imene anakhalako miyezi isanu yokha, ndinaiiwaliratu mpaka mu July, pamene tinaona pa akaunti yake kuti pepala limodzi likusowa. Foni inkangolira osayankhidwa. Ma email atatu, zii. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kuyendetsa maola anayi. Ndinapeza pagalasi la chitseko atamata chipepala choti ofesi idzatsegulidwa kumapeto kwa August. Bambo wina amene ankatchetcha udzu anandilozera ku ofesi yoyang'anira sukulu za m'deralo, ndipo kumeneko ndinadikira mpaka masana. Mayi amene anandithandiza anasindikiza pepalalo pamaso panga, ine n'kulipira. Nditawapempha kuti alitumize okha, anati, "Pepani bambo, zimenezo amapanga ndi a kusukulu konko, ife tilibe chilolezo." Pepala lochokera m'manja mwa kholo sililandiridwa, liyenera kuchokera kusukulu. Ndinabwerera usiku nditanyamula envulopu yopanda ntchito, mafuta atapita, tsiku la malipiro litapita. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Ndakumbukiranso, onetsetsani maphunziro a pa intaneti. Anawa amawakonda chifukwa amakhala m'mabasi nyengo yonse yozizira, koma si onse amene ali pa mndandanda wovomerezeka. Funsani mwana asanayambe.

China chimene chinatipweteka, mwanayu sanayese n'komwe za OHL, ligi yaikulu ya achinyamata kuno ku Ontario, pofuna kusunga mwayi wa koleji, popeza kale ukasewera mu CHL, bungwe limene OHL ili pansi pake, unali utautaya. Ankayang'ana Devon Levi, goloboyi amene anachokera ku timu ya Junior A ya Carleton Place kupita ku koleji ya Northeastern n'kukapata Mike Richter Award, mphotho ya goloboyi wopambana m'makoleji, mu 2022 ndi 2023. Kenako mu November 2024 NCAA inasintha lamulo, ndipo kuyambira pa 1 August 2025 osewera a m'maligi onse atatu a CHL (OHL, WHL ndi QMJHL) aloledwa kusewera m'makoleji. Magoloboyi ofuna malo achuluka, pamene timu zambiri zimasunga atatu okha. N'chifukwa chake pepala lija linkandisowetsa tulo, kochi sakanavutika kupeza wina.

Pamalire sipanavute. Nzika ya Canada siifunika kukapempha viza ku ofesi ya kazembe, koma tengani pasipoti, fomu ya I-20 yochokera kukoleji, umboni wa ndalama, ndi lisiti ya SEVIS, kaundula wa ophunzira ochokera kunja, ya madola 350 a ku America. Isindikizeni papepala, musadalire foni. Komanso salola kulowa kukadatsala masiku oposa 30 kuti sukulu itsegulidwe.

Transcript ija anatumiza mlembi wa pasukuluyo atabwerera kutchuthi, kutatsala masiku ochepa kuti mwana anyamuke. June asanathe, anzanga, sukulu zonse. Panopa ndi goloboyi wachitatu pa timu yake, ndipo dzulo anandiimbira kuti amuyeza mutu kuti amupangire chigoba chakumaso cha mitundu ya sukuluyo.