Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo Lachisanu: Tsiku Limene Phula Linasungunuka

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinagulira akodiyoni yanga yoyamba ya Hohner, yopangidwa ku Germany, kwa abusa ena opuma amene manja awo anali atayamba kunjenjemera. Inali ya makiyi 41 kudzanja lamanja ndi mabatani 120 kudzanja lamanzere, ndipo malamba ake ankandisiyira mikwingwirima m'mapewa ndikayenda nayo wapansi kuchokera ku Kawale kukafika ku Old Town. Masiku amenewo makutu anga anali pa zinthu ziwiri: kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndi kaseti ya Art Van Damme, woimba akodiyoni wa ku America, imene inanditsimikizira kuti jazi ikhoza kutuluka m'chida chimene anthu kwathu ankachidziwa ngati cha nyimbo zachitsitsimutso basi.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala tinaitanidwa kukaimba pa ukwati ku Area 25. Nthawi ya nkhomaliro ndinasiya akodiyoni m'galimoto yotseka magalasi, dzuwa lili paliwombo, ndipo kulakwa kumeneku kunali kwanga ndekha. Nditabwerera n'kuikoka, ndinamva tizitsulo tikuchita phokoso mkati ngati timiyala m'chitini, ndipo makiyi angapo ankangotulutsa mpweya wopanda mawu. Sindinkadziwa kuti timalilime tachitsulo timene timalira mphepo ikatiwomba timamatidwa pamatabwa ndi phula la njuchi, ndiponso kuti phulalo silipirira kutentha kotero. Ndinalira misozi pamaso pa anzanga.

Amene anandithandiza anali mkulu wina wokonza makina osokera ku Mchesi. Anazula timisomali togwira mvukuto, mbali yapakati ya akodiyoni imene imapopa mpweya, naika timalilimeto pansalu yoyera motsatana kuyambira tating'ono mpaka tatikulu, kenako anandiuza kuti, "Mwanawe, ine manja ndili nawo koma khutu la nyimbo ndilibe, ndiye iwe uzindiuza malo a kalikonse." Tinatha masabata atatu, iwo akusungunula phula m'kachitini pa mbaula, ine ndikuliza kalilime kalikonse ndi kutchula dzina lake, do kapena so, monga tinkaphunzirira kukwaya. Mpaka lero fungo la phula lotentha limandikumbutsa khonde lawo.

Pakhonde pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti kiyi iliyonse ili ndi timalilime tokhala tiwiritiwiri pa liwu limodzi, kena kolira pokoka mvukuto ndi kena kolira pokankha. Zala zimangosankha mawu, koma kukweza, kutsitsa ndi kadumphidwe kamene kamapatsa jazi moyo wake zimachokera m'mkono wamanzere. Ine zaka zonsezo ndinkangothamangitsa zala, ndipo ndimaona kuti oimba ambiri achinyamata akugwa m'mbuna yomweyo.

Chifukwa chake nditayamba kuphunzitsa, mwana woyamba amene anabwera kwa ine, mtsikana wa Fomu 2 wochokera ku Biwi, sindinamulole kuimba nyimbo sabata yonse yoyamba. Ankangogwira liwu limodzi, akukoka ndi kukankha pang'onopang'ono, mpaka pamene sindinathenso kumva malo amene mvukuto watembenukira. Mayi ake anabwera kudzandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ndalama zathu tikulipirira liwu limodzi?" Ndinawapatsa mpando, ndipo ndinapempha mtsikanayo kuti anyamule akodiyoni. Zimene anamva mayiwo madzulo amenewo ndidzazifotokoza m'gawo likubwerali.