Uthenga wa pakati pa usiku

Foni inalira cha m'ma 2 koloko usiku, ine ndili m'tulo tofa nato. Ndinadzambatuka mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndi kumudzi, paja foni ya nthawi imeneyo kawirikawiri imakhala ya maliro. Ayi ndithu, unali uthenga wa apolisi a pakoleji pathu kuno ku America: wina walandidwa chikwama pafupi ndi laibulale, wakubayo wavala jekete lakuda, musayende nokha.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anangotembenuka n'kupitiriza mkonono. Kutacha ndi pamene anandifotokozera kuti makoleji sachita izi chifukwa cha mtima wabwino, ndi lamulo. Mu 1986, mtsikana wina, Jeanne Clery, anaphedwa m'chipinda chake chogona pa Lehigh University ku Pennsylvania. Makolo ake sanagone, analimbikira mpaka mu 1990 pamene kunakhazikitsidwa lamulo lokakamiza makoleji olandira ndalama za boma kuulula milandu yochitika pasukulu. Chaka chilichonse, pofika pa 1 Okutobala, lipoti liyenera kutuluka.

Za mauthenga achanguzi zinakhwima chifukwa cha zomwe zinachitika pakoleji ya Virginia Tech mu 2007, komwe munthu wa mfuti anapha anthu 32. Imelo yochenjeza ophunzira inatumizidwa patadutsa maola awiri chiwombereni anthu oyamba. Maola awiri athunthu!

Chondidetsa nkhawa ine tsopano n'kuchuluka kwake. Kwagwa chipale chofewa, uthenga. Paipi yaphulika, uthenga. Sabata yatha, ndili pamzere wogula khofi, ndinangozindikira ndafufuta wina ndisanauwerenge n'komwe.