Bwalo la masewero m'mimba mwa phiri

Lero ndalowa m'kati mwa phiri ku Gjøvik, kuno ku Norway, kukaonera ana akusewera hockey pa ayezi. Kunja chipale chofewa chili mbuu, mphepo yolasa m'mafupa, koma ukangodutsa mumpata wolowera waiwala zonsezo. Anachita kugoba thanthwe pokonzekera masewero a Olympic a 1994, holo yake mamita 61 m'lifupi, anthu oposa 5,000 amakwanamo.

Chandisangalatsa n'choti phirilo ndiye khoma, ndiyenso denga. Thanthwe silitentha kapena kuzizira msanga, ndiye magetsi sapita ambiri, ndipo palibe malata oti athyoke ndi kulemera kwa chipale. Midzi ya m'mapiri yodalira alendo odzasewera ski, masewero otsetsereka pa chipale chofewa, bwenzi ikutengerapo nzeru, osati kumangomanga zinyumba zagalasi zoti alendo akachoka eni mudzi azivutika kuzitenthetsa. Muno ndapezamo ana a konkuno, makolo awo ali pa benchi, khofi m'manja, akukuwa mpaka mawu kusasa.