Bala yathu ya ku Kapata tsopano ndi malo a nsima

Inu amene munkamwera pa ife kale, musadabwe mukapeza pakauntala pali mapoto. Bala ija, ya ku Kapata kuno ku Chipata, tinaitseka mu Malichi 2020, boma la Zambia litalamula kuti mabala onse atsekedwe chifukwa cha Covid-19. Malesitilanti okha ndi amene analoledwa kugulitsa chakudya chokadyera kunyumba. Eni nyumba ankafuna lendi yawo, mowa uli phee m'makireti. Amayi a kunyumba ndi amene anati, "Bambo, mbaula tili nayo, manja tili nawo, tiyeni tiziphika."

Mabala atawatsegula mu Sepitembala chaka chomwecho, anangolola Lachisanu mpaka Lamlungu, madzulo okha. Ife tinali titaona kale kuti ndalama ya masana ndi yokhazikika kuposa ya usiku. Woledzera amamwa pangongole n'kusowa. Wanjala amalipira asanasambe m'manja.

Tchipisi ndi soseji tinasiyira a m'tauni, pakuti amazidziwa bwino. Ife timaphika zakwathu: nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera, nkhuku ya kumudzi yowira pang'onopang'ono kuyambira m'mamawa, therere, nyemba, kapenta wa ku Mpulungu. Chimene chimabweza anthu kwenikweni ndi chiwawa chotendera, masamba a maungu aja. Nsinjiro timasinja tokha mumtondo, za mtedza wa Chalimbana, waukuluukulu uja wa kuno kum'mawa. Zogayitsa kuchigayo n'zofulumira, inde, koma amayi amati fungo limathawa, ndipo pankhani imeneyi sinditsutsana nawo. Nthawi ya dzinja timaonjeza bowa. Anthu akakolola, mbewa zimapezeka, ndipo mabwana a mataye amene amatiseka ku Lusaka kuti ndife odya mbewa ndi omwewo amazifunsa monong'ona.

Makasitomala athu ndi anyamata a kabaza, amayi ogulitsa mumsika wa Kapata, a m'maofesi, ndi madalaivala a mathiraki opita kumalire a Mwami. Kumapeto kwa Febuluwale, anthu akamathamangira ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, timachita kubwereka mipando kwa aneba.

Chaka cha 2024 chinatiyesa kwambiri. Chilala chinaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ufa unakwera mtengo. Firiji tinasiya kuidalira. Kuyambira pamenepo ndiwo timagula m'mawa uliwonse, zongokwanira tsikulo, ndipo mpaka lero sitinasinthe. Padenga tinaikapo sola yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni a alendo.

Mowa sitinauthamangitse. Dzuwa likapendeka Mosi wozizira alipo, koma zokuzira mawu zija tinagulitsa, moti munthu atha kubwera ndi apongozi ake osachita manyazi. Kwa osamwa pali thobwa lophika tokha. Kulipira ndi kashi kapena pafoni, Airtel Money kaya MTN, zonse timalandira.

Ngati mukufuna nkhuku, fikani isanakwane 13 koloko. Mukachedwa mupeza nyemba.