Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: kaulusi kaja ndi nkhani ya ma stem cell

Paja tinalekezera pomwe adokotala anandiuza kuti si TB ya m'matumbo ayi, nditamwa kale mankhwala ake miyezi 6 yathunthu osaona kusintha. Dzina lake akuti Crohn's, chitetezo cha m'thupi mwako momwe chimalimbana ndi matumbo ako mpaka kutupa ndi kuchita zilonda. Kutsegula m'mimba ndinali nditakuzolowera, chomwe chinandigwetsa ulesi ndi chithupsa chomwe chinatuluka pambali pa njira yachimbudzi, chinaphulika koma osapola, mafinya daily. Ine ndimati ndi mudzi. Adokotala atayeza anangoti achimwene iyi ndi fistula.

Ndinaseka kkkk. Ndinati adokotala fistula si ya azimayi ovutika pobereka, omwe amapita ku Bwaila ku Lilongwe aja? Anati dzina ndi limodzi koma yangayi ndi kanjira komwe matendawa aboola kuchokera m'kati mwa thumbo kudzatulukira pakhungu. Ku theatre anandilowetsa kachingwe konga rabala, amati seton, kamalowa uku kutulukira uko nkumanga mfundo kuti mafinya azituluka asaunjikane. Sikachiritsa, anandiuziratu.

Abale kukwera kabaza kuchoka ku Chibavi kupita mtauni uli ndi kachingwe kumeneko, ndimakhalira tako limodzi mpaka wakabaza kufunsa kuti bwana mukugwa kodi. M'mawa wa June kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, ine ndili m'beseni la madzi ofunda athira mchere ngati khanda. Mapadi amandigulira ndi madamu, wapagolosale mpaka lero amadziwa kuti ndi awo.

Ndiye usiku wina achemwali anga omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku UK ananditumizira voice note, achimwene kuno kuli jakisoni wa ma stem cell wotseka fistula ya Crohn's, fufuzani. Bandulo inathera pomwepo. Ma stem cell ndi maselo a m'thupi omwe amatha kuchulukana nkusanduka mitundu ina ya maselo. Mankhwalawo dzina lake darvadstrocel, pamsika amati Alofisel, anayambitsa ndi kampani ya TiGenix yomwe inadzagulidwa ndi Takeda ya ku Japan, ndipo ku Ulaya anawavomereza mu 2018. Maselowo amawatenga m'mafuta a m'thupi la munthu wina wopereka, nkuwachulukitsa mu labu ku Madrid. Tsiku lake amachotsa kachingwe kaja, kupala m'kati mwa kanjirako, kusoka kabowo ka m'katiko, kenako kubaya maselo 120 miliyoni m'mbali mwake. Ine ndimaganiza kuti maselowo amasanduka mnofu watsopano, ayi, ntchito yake yaikulu ndi kuziziritsa kutupako kuti thupi lipeze mpata wotseka lokha.

Kafukufuku yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2016 anali wa odwala 212, patatha masabata 24 theka la omwe anabayidwa anali atatsekeka, pomwe mwa omwe anangopalidwa ndi kusokedwa nkubayidwa madzi amchere anali 34 pa 100 alionse. Ine ndinangoona theka lija basi, 34 uja maso anamudumpha dala.

Mtengo ndi umene unandikhazika pansi, £54,000 ulendo umodzi, moti ngakhale a NICE omwe amaunika mankhwala a zipatala za boma ku England anawakana mu 2019. Komanso maselo ndi amoyo, akachoka ku labu amayenera kubayidwa pasanathe masiku atatu, ndiye muganize Madrid mpaka Mzuzu. Komabe munthu wodwala ndi wodwala, ndinayamba kuwerengera poloti yanga ya ku Dunduzu ngati kuti ingakwane ngakhale kabotolo kamodzi.

Nkhani itamveka kutchalitchi kunabwera mayi wina kunyumba, chikwama m'manja, ulemu wake wonse. Bambo, mwavutikiranji ma stem cell tili nawo konkuno. Anatulutsa timapaketi ta ufa wothira pansi pa lilime, akuti timachiza shuga, BP, khansa, kusabereka, zonse. Nditawerenga kumbuyo ndinapeza zolemba za maapozi ndi mphesa. Ndinagulabe, bodza ndi loipa, mabokosi awiri, ndalama yomwe madamu anasunga ya yunifolomu ya mwana. Kukoma kwake ngati juwisi, mafinya osasintha ngakhale pang'ono.

Kenako mu October 2023 a Takeda analengeza kuti kafukufuku wachiwiri, wamkulu kuposa woyamba uja, sanaonetse kuti jakisoniyo akuposa kupala ndi kusoka kokha. Pofika December 2024 mankhwalawo anachotsedwa pamsika wa ku Ulaya. Ndinawerenga ndili pa khonde, sindinalire koma nsima tsiku limenelo inandikanika. Ofufuza sanasiye ma stem cell, koma chomwe ndinkachilota chaka chonse chija chinali chitapita.

Ku review ndinawafotokozera adokotala zonse, ngakhale za timapaketi tija. Anangopukusa mutu, nkuti gonani chammbali tione kachingwe kathu. Anati malo ndi oyera, palibe chithupsa chatsopano, ndipo nkhani yoti tikambirane tsopano ndi ya infliximab, mankhwala a diripi omwe kuwapeza kwake kuno ndi nkhani ina. Imeneyo ndi ulendo wanga wa ku Blantyre ndidzakuuzani gawo 8, madzi a m'beseni akuzizira.